Kodi lero acita ciyani okha?

Munthu wacikulire akatuluka m'cipatala atadwala matenda amene kuno timati trombozi, anzathu a ku Dedza amati sitiroko, aliyense amafunsa kuti, "Ali bwanji?" Yankho limakhala lakuti, "Aliko bwino." Mau amenewa ndimawamva kawirikawiri pa wailesi anthu akamaimba kupereka moni kwa odwala. Ndi mau aulemu, koma sauza munthu kanthu.

Azakhali anga anagwa m'munda wa mbatata kuno ku Lifidzi. Mtsempha unaphulika m'mutu cifukwa ca tensau, kuthamanga kwa magazi. Magaziwo anaononga ubongo mbali ya kumanzere, conco dzanja ndi mwendo wa kumanja ndi zimene zinafooka, lilime nalo n'kulemera. Tsiku lowatulutsa ku Ulongwe, wacipatala wophunzitsa odwala kuyenda anafunsa zina. Amadya okha? Amavala okha? Akamva mkodzo amatha kudikira?

Mafunso amenewa ali ndi mwambo wake. Mu 1965, ku Maryland m'dziko la America, Florence Mahoney ndi Dorothea Barthel analemba zinthu 10 zoyesera wodwala: kudya, kusamba, kudzikonza kumaso, kuvala, kugwira cimbudzi, kugwira mkodzo, kudzithandiza m'cimbudzi, kucoka pabedi kupita pampando, kuyenda, ndi kukwera masitepe. Mapointi ake amayambira pa 0 kufika pa 100. Za masitepezo tinaseka, pakuti nyumba ya azakhali ilibe. Koma ili ndi khonde lalitali limene mwendo wofooka umakana kukwera. Ndipo olembawo ankaganiza za bedi ndi cimbudzi cokhalira. Ife timagona pa mphasa, cimbudzi cathu n'conjuta. Kudzuka pansi ndi mwendo umodzi wamphamvu ndi nchito yaikulu kuposa kutsika pabedi.

Tinapanga mndandanda wathu kuseri kwa kalendala, ndipo Lamulungu lililonse pocokera ku Misa tinkalemba: okha, mothandizidwa, kapena sangathe.

Kalendalayo inaulula cinthu cowawa. Masabata atatu, pa kudya panalembedwa "sangathe", pamene dzanja lamanzere linali lamphamvu. Ana awo ankawadyetsa ngati khanda. Kwathu mwana woona mayi ake akulimbana ndi mbamu ya nsima n'kungoyang'ana amaoneka wopanda khalidwe, ndipo alendo obwera kudzazonda amakanena kumudzi. Azakhalinso ankacita manyazi kudya ndi lamanzere pagulu. Koma ubongo wovulala umaphunziranso pobwereza, ndipo kusintha kwakukulu kumacitika m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira. Ulemu woterewu ungathe kum'dyera munthu miyezi imeneyo.

Mwana wawo wamkulu ndiye analimba mtima. Anaika mbale pa mtondo wogadabuza, nati, "Amayi, tayesani nokha, ine ndili pompano." Ndiwo zinatayikira pa citenje. Azakhali anakwiya, tsiku lonse osamulankhula. Mawa lake anadyanso okha.

Zina tinazimva kucipatala ndipo ndimazibwereza pa wailesi. Wodwala adye atakhala tsonga, phala likhale lolimbirako, cifukwa zamadzimadzi zimatsamwa. Podzutsa musakoke dzanja lofookalo, phewa limaguluka. Wosatha kutembenuka mutembenuzeni pakapita maola awiri kuti asacite zilonda. Mankhwala a tensau asalekedwe ngakhale munthu wayamba kuyenda, pakuti mtsempha wina ungaphulikenso.

Miyezi isanu ndi iwiri yapita. Azakhali amadya okha, amamanga citenje okha, ndipo ndi ndodo amafika pacitsime, ngakhale ndowa sasenza. Kusamba amafunabe wowacapa kumsana. Khasu sanaligwire, ndipo mwina sadzaligwiranso. Za cimbudzi tinapita kwa mmisiri wa matabwa, anatiboolera mpando pakati, tinauika pamwamba pa dzenje ndi kukhoma mtengo wogwirira m'mbali. Sabata yomweyo pa kalendala panalembedwa "okha".