Tulo ta Bambo Anga

Chichewa chimawerenga ulendo ndi tulo. Akuluakulu a m'komboni ya mgodi ku Shurugwi, kumene ndidabadwira, akamasimba za mmene adafikira m'dziko lino kuchokera ku Nyasaland, ankatchula usiku umene adagona panjira: tidagona pa Dedza, tidagona pa Tete, tidaoloka Zambezi nkugonanso. Mtunda sankaudziwa m'mamailosi. Kaya adayenda pansi kaya adakwera malole a Ulere, thupi ndi dzuwa zinkafikira limodzi. Ine amene ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa sayansi ya zilankhulo ku Gweru ndidamvetsa kulemera kwa kawerengedwe kameneka nditapita ku Atlanta kukakhala masiku atatu okha.

Mwana wanga wamkazi ankalandira digiri yake Loweruka lina m'mwezi wa Meyi, ndipo Lachitatu lotsatira ophunzira anga ankandidikira. Ndidanyamuka Lachinayi, kudzera ku Bulawayo ndi ku Johannesburg, kenaka maola pafupifupi 16 m'ndege, nkutera Lachisanu m'mawa. M'miyezi imeneyo nthawi ya ku Atlanta imatsalira ndi maola 6 poyerekeza ndi yathu. M'nyengo yawo yozizira kusiyanako kumafika pa 7.

Chimene Angerezi amachitcha jet lag chilibe dzina m'Chichewa, koma chiyambi chake nchodziwika. Mu ubongo muli kachigawo kamene kamasunga nthawi, ndipo kamawongoleredwa ndi kuwala kolowa m'maso. Mdima ukagwa, thupi limatulutsa melatonin, tulo nkuyamba kubwera. Mu 2017 Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young adalandira mphoto ya Nobel pofotokoza mmene wotchi imeneyi imayendera m'maselo. Wotchiyi siithamanga: imasuntha pafupifupi ola limodzi patsiku, ndipo imavutika kwambiri munthu akamalowera kum'mawa kusiyana ndi kumadzulo. Motero wofuna kuzolowera maola 6 amafunika pafupifupi sabata, pamene ine ndinali ndi usiku uwiri.

Ndidatsata malangizo amene akatswiri amapereka pa maulendo afupiafupi otere, akuti usalimbane ndi thupi, sunga nthawi yakwanu. Ndidasankha ndege yausiku kuti ndigone pamene ku Gweru akugona. Khofi ndinkamwa m'mawa mokha, mowa ndidaupewa. Ndinkadzuka tambala asanalire, kuwerenga zolemba za ophunzira, nkulowa m'chipinda dzuwa likangopendeka. Mwambo wa digiri udachitika m'mawa, ndipo ndidaimirira wamphamvu, kuwomba m'manja ngati mnyamata.

Chimene sindidachiwerengere ndi phwando. Lidayamba 8 koloko usiku, imene kwa thupi langa inali 2 koloko ya m'bandakucha. Mwana wanga adaimirira kuti athokoze, ndipo adayamba ndi Chichewa chake chosakanizika ndi Chishona, chomwe adachikonzera ine. Ndidamva chiganizo choyamba. Ndidadzidzimuka anthu akuwomba m'manja, iye atagwada pambali panga. “Ababa, mwamva zimene ndanena?” Ndidamuyankha kuti ndamva, koma iye adaona kuti ndikunama.

Usiku umenewo tulo tidandithawa, ndipo ndidakumbukira bambo anga. Adagwira ntchito pansi pa mgodi wa chrome zaka zoposa 20, kusinthana mashifiti, sabata ino usana, sabata inayo usiku. Amayi ankatchinga zenera ndi bulangete, ife nkutithamangitsira kutali kuti tisasokose. Tsiku lina ndili ku pulayimale ndidaitanidwa kutsogolo kukalandira mphoto ya Chingerezi. Nditatembenuka kuti ndione nkhope yawo, ndidapeza mutu uli pachifuwa, chipewa chili m'manja, anzanga akuseka. Anali atangotuluka kumene m'mgodi, nkusamba, nkuvala jekete lawo limodzi lija. Sindidawalankhule masiku awiri. Mpaka kumwalira kwawo sitidaikambepo nkhaniyi, ndipo mumtima ndidaisunga ngati umboni wakuti maphunziro anga sankawalabadira.

Madokotala masiku ano amaika kusokonekera kwa tulo kwa wogwira ntchito usiku m'gulu limodzi ndi kwa wokwera ndege, pakuti gwero lake ndi limodzi: wotchi ya m'thupi kusemphana ndi ya pakhoma. Kusiyana kwake nkwakuti ine ndidaoloka nyanja ya Atlantic kamodzi, mwa kufuna kwanga, pamene iwo ankasinthidwa usana ndi usiku mwezi ndi mwezi osachoka pa Shurugwi, ndipo chimodzimodzi anzawo a ku Zvishavane ndi ku Kwekwe. M'komboni vutoli linalibe dzina laulemu. Wosinza masana ankangotchedwa waulesi kapena woledzera. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa ine mawalo lidachedwa zaka zoposa 40.

Anzanga akandifunsa za maulendo otere ndimawauza zosavuta: gonani m'ndege pa nthawi yakwanu, musakonze ntchito yolemera tsiku lobwerera, ndipo funsiranitu ola la chinthu chimene mukupitiracho, pakuti ndicho chiyenera kulamula tulo tanu. Ndikadafunsa, ndikadagona masana a Loweruka lija.

Lamulungu m'mawa, tisanapite ku bwalo la ndege, ndidamuuza mwana wanga zoona, ndipo ndidamuuzanso za agogo ake. Adatulutsa kapepala m'chikwama nkundiwerengera mawu ake onse kuyambira pachiyambi, tili awiri m'khitchini, tiyi akuzizira.