M'mera mpoyamba: kusankha maphunziro a zomangamanga

Mlimi aliyense amadziwa kuti mbewu yosankhidwa molakwika mu Novembala imaonekera pokolola mu Epulo. N'chimodzimodzi ndi wophunzira amene walowa kumene ku yunivesite kukaphunzira luso lojambula mapulani a nyumba: maphunziro a semesita yoyamba ndiwo maziko a zaka zonse zotsatira.

Mtsikana wina wa ku Chiradzulu adaziona zimenezi atangofika pasukulu ya ukachenjede. Fizi yake idachokera ku nandolo wa makolo ake ndi ngongole ya ku banki m'khonde, choncho kubwereza chaka sikukadatheka. Maphunziro ena adali okakamiza: masamu, kujambula ndi manja, ndi ntchito ya mu situdiyo, momwe ophunzira amapanga timanyumba ta makatoni toti aphunzitsi atiunike. Padatsala danga la phunziro limodzi lodzisankhira yekha. Anzake ambiri adathamangira kujambula pa kompyuta, poti amati ndiko kuli ntchito za m'tauni. Iye mtima udakokera ku phunziro la zipangizo zomangira ndi nyengo, lomwe ena ankaliyesa la amisiri wamba.

Chidamukoka ndi zimene adaona kwawo m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adasakaza chigawo cha kummwera kwa Malawi n'kupha anthu oposa 1,000. Kupatula zimene zidakokoloka ndi matope ochokera m'mapiri, nyumba zambiri za zidina zidagwa pang'onopang'ono, madzi atanyowetsa m'munsi mwa makoma. Atawafotokozera bambo ake za kusankhaku, iwo adangoti, "Mwana wanga, nyumba siyambira kudenga." Adalembetsa phunziro la zipangizo.

M'masabata oyambirira adaphunzira zimene zikadapulumutsa nyumba zambiri za m'mudzi mwawo. Khoma la dothi limafuna maziko okwera pamwamba pa nthaka, pepala la pulasitiki loletsa chinyontho kukwera, ndi denga lotulukira kunja kuti mvula isamenye khoma. Denga la malata limafunika kulimangirira ku khoma ndi waya kuti mphepo isalisasule. Adaphunziranso kuyesa dothi m'botolo la madzi: mchenga umakhazikika pansi msanga, dongo limatsalira pamwamba, ndipo mmisiri amaona ngati dothilo n'loyenera. Dothi labwino losakaniza ndi simenti pang'ono, n'kulitsindira pa makina, limatulutsa njerwa zolimba zosafuna nkhuni. Luso limeneli n'lofunika masiku ano, pakuti kuyambira mu 2018 malamulo a dziko la Malawi amaletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu za boma ndi za malonda, pofuna kuteteza nkhalango.

Apa mpamene adazindikira kuti zina adazidziwa kale asadafike. Nkhokwe ya agogo ake imakhala pamwamba pa miyala kuti chimanga chisafuke, ndipo khonde lalikulu limateteza khoma ndi kuziziritsa nyumba. Adamvanso za Francis Kéré wa ku Burkina Faso, amene adaphunzira ku Berlin n'kumanga sukulu ya pulayimale kwawo ku Gando mu 2001. Adagwiritsa ntchito njerwa za dothi, manja a anthu a m'mudzimo, ndi denga la malata lotukuka kuti mpweya wotentha uzituluka. Mu 2022 adalandira mphoto ya Pritzker, yapamwamba koposa pa luso limeneli, ndipo adali munthu woyamba wa ku Africa kuilandira.

Kompyuta mtsikanayu adzaiphunzira m'zaka zotsatira, ndipo n'njofunika ndithu. Koma kompyuta imajambula chilichonse chimene munthu wailamula, ngakhale khoma loti ligwa ndi mvula yoyamba.

Makolo ndi alangizi a m'midzi sangamusankhire mwana maphunziro, komabe angamuthandize ndi mafunso atatu. Kodi phunziroli ndilo khomo la maphunziro a chaka chachiwiri? Kodi litsalira nthawi yokwanira ntchito ya mu situdiyo, yomwe imadya usiku wambiri ndi ndalama za mapepala? Nanga likuthandiza kumvetsa dothi, mvula ndi dzuwa la kumene adzagwire ntchito? Zipatala, masukulu ndi nkhokwe za makalabu a alimi zimene madera athu adzamange mawa zikudikira ana oyankha bwino mafunso amenewa.