Dzimbiri silimva penti, limamva galayindala

Ambirife mpamba wathu uli pa matayala: Hiace, Dyna kapena Canter yomwe inatsika pa doko la Dar es Salaam kapena Durban itakalamba kale kwawo. Injini timaisamala, koma chimene chimatha galimotozi mwakachetechete ndi dzimbiri. Zina zimabwera nalo, chifukwa kumadera ozizira a ku Japan ndi ku Britain amathira mchere pamsewu nyengo ya chisanu. Ifenso timawonjezera: matumba a mchere, feteleza, madzi a nsomba, mphepo ya kunyanja ku Beira ndi ku Nacala. Zonsezi zimadya chitsulo.

Ife tinayamba kuphunzira kuika zigamba titatopa ndi ntchito ya kumata. Bowo amalitseka ndi filler, kupopera penti, galimoto n'kuwala. Ikangodutsa mvula imodzi, penti yatupa matuza, bowo lakula kuposa kale. Anatiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire wowotcherera, ndipo tinkapita kwa iwo masiku odikira katundu. Lamulo lawo loyamba linali lakuti dzimbiri limadulidwa. Bowo looneka ngati ndalama yachitsulo, mkati lafalikira ngati chikhatho. Umadula ndi galayindala mpaka upeze chitsulo chowala mbali zonse, ngakhale mtima ukuwawa poona bowo likukula.

Kenako umatenga katoni, kuiika pabowo, kujambula, kudula. Katoniyo ndiye muyeso wa chigamba. Chitsulo chabwino ndi chochokera pa chitseko kapena boneti ya galimoto yakufa, chifukwa kukhuthala kwake n'kofanana, pafupifupi milimita imodzi. Malata a denga ayi: utsi wake powotcherera umadwalitsa, ndipo sagwira bwino. Chigamba chilowe ndendende m'bowomo, milomo ikumane. Mukachisanjika pamwamba, pakati pake pamabisala madzi ndipo dzimbiri limayambira pomwepo.

Pamene tinachedwa kwambiri ndi pa moto. Makina a ma rod omwe amawotcherera mageti ndi mawindo amaboola chitsulo chopyapyala ngati pepala. Pamafunika MIG, kapena gasi m'manja mwa munthu wodekha. Ndipo suwotcherera mzere umodzi wautali, chifukwa kutentha kumapinda chitsulo, chitseko n'kukhala mafunde. Umadontheza kadontho pakona, kulumphira kona ina, kudikira pazizire, kubwereranso pakati, mpaka timadontho tonse tikumane. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Tinatha masabata tikuyeserera pa zitseko zotayidwa tisanakhudze galimoto yeniyeni.

Musanayatse moto, chotsani batire, kapeti ndi mipando, ndipo onani kumene kwadutsa mawaya, mapaipi a mafuta ndi a mabuleki. Wina aime mbali inayo ndi fire extinguisher yomwe timayenda nayo ija. Maso atetezedwe, pa galayindala pomwe.

Mukasalaza, ntchito sinathe. Kumbuyo kwa chigamba, kumene maso saona, n'kumene dzimbiri limabwerera. Pakani primer mbali zonse ziwiri, tsekani msoko ndi sealer, pansi pakani underseal. Tibowo totulutsa madzi pansi pa zitseko musatitseke.

Pali malire. Pansi popondera, m'mphepete mwa matayala, masitepe ndi zitseko, munthu wophunzira angathe. Koma chassis, pomangira masipuling'i ndi pomangira malamba a mipando, pitani nazo kwa katswiri. Pamenepo pali moyo wa anthu, ndipo pothyokera pake sipakhala pakhomo. Pamakhala pakati pa Zobue ndi Tete, dzuwa likuswa mtengo, katundu wa ngongole ali pamwamba.

Sikuti tonse tikhala owotcherera. Phindu lalikulu lomwe tinapeza ndi maso. Pogula galimoto timayenda ndi kamaginito: pomwe sikakugwira, pali filler wambiri. Timatukula kapeti, timagogoda pansi ndi screwdriver. Popereka ntchito timapempha kuona chidutswa chodulidwacho ndi msoko wake asanapake chilichonse. Mmisiri woona sakana.

Amene mwanyamula mchere kapena feteleza sabata ino, tsukani pansi mukangotsitsa, ndipo kapeti iume. Ngati COF yayandikira, gwadani muone pansi lero, pamene chigamba chake chikadali cha katoni yaing'ono. Muyende bwino pamsewu.