Kaundula wa M'kalasi ndi Chiŵerengero cha Dziko

Mwa ntchito zonse zimene mphunzitsi amagwira, palibe imene imapeputsidwa ngati yoitana maina m'maŵa. Pokonzekera phunziro timatuluka thukuta, pochonga makope timagona mochedwa, koma kaundula timangomutsegula mothamanga, kulemba apa ndi apo, kenaka n'kumuponya m'kabati. Ngakhale ku koleji kuno, ophunzira akamva kuti lero tikamba za mabuku a sukulu, ena amayamba kuyasamula phunziro lisanayambe. Komatu ife amene takhalitsako pa ntchitoyi tidazindikira kuti chiŵerengero chilichonse chimene Unduna wa Zamaphunziro umalengeza chimayambira m'dzanja la mphunzitsi wa kalasi.

Taonani ulendo umene chiŵerengerocho chimayenda. Dziko lathu lili ndi maboma 28, koma pa za maphunziro lidagaŵidwa m'maboma 34, popeza mizinda ya Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu imaŵerengedwa payokha, ndipo Mzimba ndi madera a kumudzi a Lilongwe adagaŵidwa paŵiri. Boma lililonse lili ndi mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi mlangizi wake. Chaka ndi chaka kumabwera fomu ya kalembera wa sukulu. Mphunzitsi wamkulu amaidzaza potengera zimene zili m'makaundula athu, mlangizi amasonkhanitsa mafomu a m'zoni mwake, ku ofesi ya boma amaŵaloŵetsa m'kompyuta, ndipo ku likulu amaphatikiza zonse. Pa ulendo wonsewu munthu amene adamuona mwanayo ndi maso ndi mmodzi yekha. Ena onse amangokhulupirira zimene iye adalemba.

Kufunika kwa zimenezi kudaonekera poyera m'chaka cha 1994, pamene boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ana amene sankafika 2 miliyoni adakwera kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Amene tidaziona tikukumbukira makalasi a pansi pa mitengo, ndi aphunzitsi zikwizikwi amene adalembedwa ntchito asanaphunzire uphunzitsi. Pa nthaŵi ngati imeneyo funso loti ana alipo angati, ndipo ali kuti, silikhalanso la akalaliki a m'maofesi okha. Yankho lake ndilo limanena kumene mabuku apite, kumene amange chipinda, ndi kumene atumize mphunzitsi. Mpaka lero cholinga cha boma choti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana osapitirira 60 chimayezedwa ndi manambala ochokera m'makaundula omwewo.

Tsono vuto lalikulu si ulesi ayi. Vuto ndi lakuti aphunzitsi aŵiri akhama, oona mtima, angathe kulemba chinthu chimodzi mosiyana chifukwa mau amodzimodzi amaŵamva mosiyana. Tiyeni titenge mau akuti "wosiya sukulu". Mnyamata wa ku Kasungu wasoŵa masabata asanu chifukwa akuthandiza kusoka fodya. Wina wa ku Nkhotakota watsata usipa ku nyanja. Mtsikana wapita ku chinamwali, ndipo wina ali ndi pakati. Mphunzitsi wa pa sukulu ina aŵafufuta onsewo m'kaundula pakatha mwezi, pamene mnzake wa tsidya la mtsinje asiya maina awo mpaka chaka chithe, poyembekeza kuti abwerera. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Koma manambala awo akakumana ku likulu, sukulu yoyamba ioneka ngati yothaŵitsa ana, yachiŵiri ngati yosunga ana, chonsecho ana ake akuchita zofanana. Za mtsikana wa pakati uja mpofunika kusamala koposa, pakuti kuyambira m'chaka cha 1993 lamulo limamlola kubwerera ku sukulu akabereka. Tikamlemba ngati wosiyiratu, ndiye kuti tatseka ndi cholembera khomo limene lamulo lidatsegula.

Nanga ana amene athaŵa madzi? Namondwe wa Freddy atagwa m'mwezi wa Malichi 2023, sukulu za m'maboma ambiri a kum'mwera zidatsekedwa, ndipo zina zidasanduka misasa ya anthu osoŵa pokhala. Ana ena adakakhala kwa achibale n'kuyamba kuphunzira komweko. Mwana wotere akapanda kalata yomsamutsira, kwawo amalembedwa kuti adasiya, kumene wapita amalembedwa kuti ndi watsopano, ndipo nthaŵi zina dzina lake limakhala m'makaundula aŵiri. Mwana mmodzi wasanduka aŵiri, kapena wosiya sukulu amene sadasiye.

Kuti timvetse kukula kwa cholakwa chotere, tiyenera kudziŵa mmene akatswiri amapezera chiŵerengero cha osiya sukulu m'dziko lonse. Kaŵirikaŵiri saŵerenga anawo mmodzimmodzi. Tiyerekeze kuti chaka chatha mu Sitandade 4 mudali ana 100. Chaka chino mu Sitandade 5 muli ana 70 amene angokwera kumene, ndipo mu Sitandade 4 muli 20 obwereza. Otsala 10 aja, amene sakuoneka kulikonse, ndiwo amatchedwa osiya. Ndi samu yochotsera chabe, yoti mwana wa Sitandade 2 angaikhoze. Koma tiyerekezenso kuti asanu mwa obwerezawo adachita manyazi, nakabwereza pa sukulu ina pomwe sadanene kuti akubwereza. Tsopano obwereza aoneka 15, osiya aoneka 15. Amene akukonza mapulani adzathamangira kukafuna ana m'midzi, pamene anawo ali m'kalasi, ndipo chimene chikuŵavuta n'chakuti sakutha kuŵerenga. Mankhwala a kusiya sukulu ndi ena, a kubwereza ndi enanso.

Maina nawo ali ndi nkhani yawo. Kwathu kuno mwana angathe kuyamba sukulu ndi dzina la bambo ake, makolo akalekana n'kutenga la malume, ndipo pochokera ku chinamwali n'kubwera ndi dzina latsopano. Wina amalemba mfunda wokha, poti Banda kapena Phiri, m'kalasi momwe muli a Banda khumi. Mphunzitsi uyu alemba dzina ndi "l", wa chaka chamaŵa ndi "r". Palinso khalidwe lodziŵika bwino la ana obwereza Sitandade 8 pa sukulu ina ndi dzina lina, pofuna mwayi wosankhidwira ku sekondale. Kale zimenezi zinkapita osaoneka. Koma chiyambire m'chaka cha 2017, pamene anthu a zaka 16 ndi kupitirira adalembetsa ziphaso za unzika, munthu amene dzina la pa satifiketi yake ya MANEB likusiyana ndi la pa chiphaso amavutika pofuna ntchito kapena malo ku koleji. Chilembo chimodzi chimene mphunzitsi adalemba mosasamala chimamtsata munthu mpaka ukulu wake.

Za zaka zakubadwa tingonena mwachidule. Msinkhu woyambira sukulu ndi zaka 6. Akuluakulu akukumbukira muyeso wakale wogwira khutu podutsitsa dzanja pamwamba pa mutu, umene unkabweza ana aafupi ndi kulandira aatali. Lero pali kalata ya kubadwa ndi buku la kusikelo, ndipo mphunzitsi wolemba ana a Sitandade 1 ayenera kupempha chimodzi mwa izi asanalembe tsiku lobadwa. Kungoyang'ana mwana n'kunena kuti "uyu ndi wa 6" kumabisa ana oyamba mochedwa, amene ndiwo amafika msinkhu wa ganyu ndi wa banja asanamalize pulayimale.

Mbali yachiŵiri ya nkhaniyi ndi ya maina a maphunziro enieniwo. Silabasi ya pulayimale imene idayamba m'chaka cha 2007 idaphatikiza nyimbo, maseŵera olimbitsa thupi, zojambula ndi zosoka kukhala phunziro limodzi la Expressive Arts. Koma pamayeso a Sitandade 8 phunziroli limalembedwa m'pepala limodzi ndi Life Skills. Tsono taonani zimene zimachitika pa malipoti a ana. Sukulu ina imalemba monga mwa silabasi, ina imatsata mapepala a MANEB, ndipo ina, makamaka mwa zoyendetsedwa ndi anthu paokha, ili ndi maina akeake. Mwana akasamuka kuchoka ku Mulanje kupita ku Karonga, mphunzitsi womlandira amayang'ana lipoti nasoŵa chogwira: kodi malikisi 60 awa ndi a phunziro limodzi kapena aŵiri ophatikiza? Ku sekondale nako, silabasi ya m'chaka cha 2015 idagaŵa Physical Science kukhala Physics ndi Chemistry, kotero kuti mkulu ndi mng'ono wake angathe kukhala ndi masatifiketi a MSCE a maina osiyana pa zinthu zofanana. Wolemba anthu ntchito, kapena wosankha ophunzira a ku koleji, ayenera kukhala ndi njira yodziŵira kuti ichi n'chofanana ndi icho.

Maiko ena adalimbana nalo vutoli mwa njira yawo. Ku America kuli maboma a sukulu oposa 13,000, ndipo ambiri mwa iwo amatcha maphunziro awo monga akufunira. M'chaka cha 2007 nthambi ya boma yoona za ziŵerengero za maphunziro idatulutsa ndondomeko yotchedwa SCED, yopatsa phunziro lililonse la ku sekondale nambala ya madijiti asanu. Aŵiri oyamba amasonyeza mtundu wa phunziro, monga 02 pa masamu, ndipo atatu otsalawo amasonyeza phunziro lenilenilo. Chimene chimatikondweretsa m'njira imeneyi n'chakuti sikakamiza sukulu kusintha dzina la phunziro. Dzina likhale lililonse, koma nambala ikhale imodzi, kuti mwana akasamuka zimene adaphunzira zimtsate. Ife mwayi wathu ngwakuti silabasi ndi imodzi dziko lonse, yokonzedwa ku Domasi, choncho ntchito yathu njopepukirapo: kungolemba dzina la phunziro monga liliri m'silabasi, popanda kulidula kapena kulikometsera.

Pakati pa maiko palinso muyeso wa bungwe la UNESCO wotchedwa ISCED, umene udakonzedwa m'zaka za m'ma 1970, nukonzedwanso mu 1997 ndi mu 2011. Umaika maphunziro a maiko onse pa makwerero ofanana, poyang'ana zimene mwana amaphunzira osati dzina la kalasi. Aphunzitsi a ku Mchinji, Dedza ndi Ntcheu amalidziŵa funso limeneli popanda kuŵerenga buku. Kwa zaka zambiri pulayimale ya ku Zambia idali ya zaka 7 pamene yathu ndi ya zaka 8, ndipo ku Mozambique ana ambiri amaphunzira m'Chipwitikizi. Mwana wochokera ku Chipata akati adali mu Grade 5, sitingangomuika mu Sitandade 5 chifukwa manambala afanana. Timamuŵerengetsa, timampatsa masamu, ndipo m'buku lolembamo ana atsopano timalemba kalasi imene adachokera m'mau a kwawoko, pambali pa kalasi imene tamuika.

Tikudziŵa kuti ena mwa inu muli ndi chodandaula, ndipo n'chomveka. Mudzati fomu ili ndi timabokosi toŵerengeka, pamene moyo wa mwana suloŵa m'kabokosi. Nzoonadi. Mwana amene amabwera Lolemba ndi Lachiŵiri lokha chifukwa masiku ena amalera ang'ono ake sali "wosiya", komanso kumutcha "wophunzira" n'kudzinamiza. Ife maganizo athu ndi akuti m'kabokosi tilembe monga mwa tanthauzo limene Unduna udapereka, ngakhale litatiŵaŵa, pakuti mphunzitsi aliyense akayamba kupinda tanthauzo monga mwa chifundo chake, manambala a dziko sadzanena kanthu. Zimene sizikuloŵa m'kabokosi tizilembe m'danga la ndemanga, tiziuze mphunzitsi wamkulu, tizikambe ndi komiti ya sukulu. Ndipo ngati tanthauzolo likulakwira ana ambiri, njira yake ndi kulitula kwa mlangizi kuti likonzedwe kwa onse, osati kulikonza mwakachetechete m'kalasi mwathu mokha.

Pali chiyeso china chimene sitingachibise. Kumene mabuku, phala ndi ndalama zotukulira sukulu zimatsata kuchuluka kwa ana, mtima umanong'ona kuti tisiye maina a ana amene adachoka kalekale. Wochita zimenezi amadziona ngati wokonda sukulu yake. Koma mabuku amene asindikizidwa ndi omwewo, ndipo amene apita kwa mwana wa m'kaundula chabe achotsedwa m'manja mwa mwana weniweni wa ku sukulu ina, imene mphunzitsi wake adalemba zoona. Tisaiŵalenso kuti fomu imafunsa zinthu zina zobisika, monga umasiye ndi ulumali. Zimenezi sitifunsa poimiritsa ana pamaso pa anzawo, ndipo buku lake silisiyidwa pa tebulo kuti aliyense alitsegule.

Posachedwapa mupita ku sukulu zosiyanasiyana kukayeserera ntchito. Sabata loyamba pemphani kuona mabuku atatu: kaundula wa kalasi yanu, buku lolembamo ana atsopano, ndi buku la makalata osamutsira ana. Sankhani maina khumi, muŵalondole m'mabuku onsewo, muone ngati kalembedwe ka dzina, tsiku lobadwa ndi nambala yoloŵera zikugwirizana. Kenaka ŵerengani mitu ya ana amene ali m'kalasi tsiku limenelo, muyerekeze ndi zimene zachongedwa. Mukapeza kusiyana musafufute kanthu, pakuti mabukuwo si anu, koma mukafunse mwaulemu kwa mphunzitsi amene akukuyang'anirani. Mufunsenso kuti pa sukulupo mwana amachotsedwa m'kaundula atajomba masiku angati, ndipo lamulo limenelo adalitenga kuti. Mayankho ake mudzabwere nawo kuno, kuti tidzaike la ku Nsanje pambali pa la ku Chitipa.