Mlangizi Wopanda Malipiro

Anzanga ena a ku hositelo ayamba kunditcha "Mlangizi", ndipo dzinalo sindilikana. Koma popeza akonzi a magazini athu andipatsa malo, ndati ndifotokoze bwino lomwe kumene linachokera.

Kwathu ndi ku mapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi, kumene munthu akaima pa chitunda m'mamawa amaona nkhalango ya Ntchisi itafunda nkhungu. Chimanga, mtedza, soya ndi fodya zimachita bwino ndithu. Koma chodabwitsa ndi ichi: ukafika mwezi wa Okutobala, banja lokhala ndi chimanga m'nkhokwe limasowa ndiwo. Mfutso umakhala utatha, bonongwe ndi chisoso zisanamere, ndipo ana amadyera nsima madzi a mchere. Ine ndadyapo nsima yotero kangapo konse, ndipo sindiifunira mlongo wanga wamng'ono.

M'mudzi mwathu mlimi wotsogolera ndi azakhali anga. Alimi otsogolera ndiwo anthu amene mudzi umasankha kuti aphunzire kwa alangizi a boma ndi kukaphunzitsa anzawo, pakuti mlangizi mmodzi ali ndi midzi yambiri, ndipo njinga yake singafike pakhomo lililonse. Salandira malipiro ayi. Azakhaliwo khasu amalidziwa, koma maso awo ayamba kuvutika ndi zolemba. Motero pa tchuthi cha Ogasiti anandiuza kuti, "Mwanawe, tenga kope lako unditsate." Ndinapita ngati mlembi chabe, koma alangizi atandiona anati amene alemba za dimba agwirenso khasu, ndi kuti ndikalimbika ndidzathandiza azakhali kuphunzitsa.

Tinaphunzira masiku asanu pansi pa mtengo wa mkuyu. Za nazale ndi za mabedi sindichulukitsa, pakuti ambiri tinaziwerenga kale m'kalasi. Ndingotchula kuti m'chilimwe bedi likhale lolowa pansi kuti lisunge madzi, koma m'dzinja likhale lokwera kuti mizu isaole. Chimene chinandigwira mtima ndi manyowa a chimato. Timayala mapesi odulidwadulidwa, pamwamba pake ndowe, kenaka masamba aawisi, phulusa ndi dothi pang'ono, tikuwaza madzi pa gawo lililonse, mpaka muluwo ufike m'chiuno. Pakati timazikapo mtengo, ndipo mulu wonse timaumata ndi matope monga amamatira nkhokwe. Atapita masiku angapo timazula mtengo uja ndi kuukhudza. Ine nditaukhudza ndinauponya pansi, poti unali wofunda ngati watuluka pa moto! Pamenepo mpamene ndinamvetsa zija amatiphunzitsa mu Biology za tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa zinthu. Kunena zoona, m'buku ndinkangoziloweza, koma tsiku limenelo ndinazigwira ndi dzanja.

Anatiphunzitsanso manyowa a Mbeya. Timasakaniza makilogalamu 20 a gaga, 10 a ndowe zouma zosinja, 10 a phulusa ndi 10 a feteleza wa m'sitolo, ndi kuthira madzi malita 5. Tikatero timamanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati kuti mpweya usalowe, ndi kudikira masiku 21. Chotero thumba limodzi la feteleza limabala matumba asanu. Amene bambo ake anabwerapo ku msika chimanjamanja chifukwa cha mtengo wa feteleza adziwa kukula kwa nkhani imeneyi.

Tsono zonsezi nzapafupi. Chovuta ndicho kuima pamaso pa anthu amene anayamba kulima iwe usanabadwe. Nditawauza agogo anga aamuna za ntchito yangayi, anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Mdzukulu wanga, kodi wayamba ukapitawo wa malimidwe?" Anandifotokozera kuti m'zaka za m'ma 1950, iwo ali kamnyamata, boma la atsamunda linkakakamiza anthu kupanga mizere ndi migula yoteteza nthaka, ndipo wokana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Mizereyo payokha sinali yoipa, ndipo lero aliyense amalima pa mizere m'mapiri mwathu muno. Koma anthu anaida chifukwa cha m'mene inabwerera, kufikira kuti nkhani ya malimidwe inathandiza kukolezera moto wofuna ufulu. Agogo sanaiwale, ngakhale papita zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi.

Alangizi athu nkhaniyi amaidziwa. Anatiletsa kunena mawu akuti "mukulakwitsa" kwa munthu aliyense. Anati tilime dimba lachitsanzo pamalo poonekera, ndipo tikhale chete mpaka wina afunse. Anatiuzanso za Tikondwe Freedom Gardens m'boma lathu lomwe lino la Dowa, kumene a Dr Glyvyns Chinkhuntha anayamba mu 1982 pa kamalo ka chithaphwi ka mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Iwo anakumba ngalande zoyendetsa madzi popanda injini, ndipo malowo anakula mpaka mahekitala 20, kotero kuti alimi ndi ophunzira ochokera kutali anayamba kupita okha kukaona.

Ife tinalima mabedi awiri a mpiru m'mbali mwa njira ya ku mjigo. Lina tinalithira manyowa ndi kuliphimbira ndi udzu, lina tinalisiya pamtunda monga achitira ambiri. Amayi ankadutsa ndi ndowa zawo osanena kanthu, ena akuseka chamumtima. Pa sabata yachitatu mayi wina wachikulire anatula ndowa yake, napisa chala pansi pa udzu uja, napeza dothi lili lonyowa pamene bedi linalo linali gwa. Anandifunsa kuti, "Mwathirira liti apa, achimwene?" Ndinayankha kuti dzana. Sananene zambiri, koma m'mawa mwake ndinaona mdzukulu wawo akumweta udzu.

Musaganize kuti zonse zayenda bwino. Akomiti a mjigo safuna kuti madzi akumwa apite ku dimba m'miyezi yotentha, ndipo ine ndiganiza kuti akunena zoona. Chifukwa chake timagwiritsa ntchito madzi otayikira pa mjigo ndi otsukira mbale, ndipo amenewa sakwanira mabedi ambiri. Mdani wina ndi mbuzi, zimene eni ake amazitayirira akangokolola. Amayi atabwera kudzandiona mwezi watha anandiuza kuti mabanja anayi alima madimba a pakhomo, koma limodzi mbuzi zinathyola mpanda ndi kudya zonse usiku umodzi. Mwini wake wanenetsa kuti sadzalimanso, ndipo ena akudikira kuti aone m'mene a mfumu aweruzire mlanduwo. Ukagwa molakwika, ndiopa kuti otsalawo adzagwa mphwayi.

Pa tchuthi cha Disembala azakhali akuti ndidzaphunzitse ndekha kwa nthawi yoyamba, pamaso pa amayi khumi, ndipo agogo anena kuti adzakhala kumbuyo kuti amve ngati ndilankhula ngati kapitawo. Aphunzitsi athu a zaulimi andilola kuyeserera pa dimba la sukulu kuseri kwa khitchini Loweruka likudzali, tikatha kuchapa. Tidzaumba chimato chimodzi. Ndifuna anzanga osachepera asanu, makamaka aja okonda kufunsa mafunso ovuta, ndipo aliyense abwere ndi khasu.

Wophunzira wa Folomu 3