Kanthu Kakang'ono Kamene Kamanyamula Siling'i

Sabata ino ndati ndiike pambali za kuphika ndi kulera, ndikusimbireni manyazi amene ndidawaona chifukwa cha kanthu kosaposa chala changa kutalika. Mwina ena mudzati nkhani ya masikuluwu, misomali yopota ija, ndi ya abambo. Komatu ndalama yogulira kaŵirikaŵiri imachokera pa mfundo ya chitenje chathu, ndipo amene timakhala pansi pa siling'i tsiku lonse ndife ndi ana athu.

Gulu lathu lidamanga chipinda chophunziriramo kusoka ndi ndalama za mandasi ndi za chipereganyu. Utafika mwezi wa Okutobala, malata adatentha kotero kuti amayi ankasiya makina n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Tidagwirizana zoika siling'i ya mabolodi a jipisamu, aja oyera m'kati ngati choko, okutidwa ndi pepala lolimba mbali zonse ziŵiri. Tidagula ochindikala mamilimita 12.5. Kukagula masikuluwu adatuma ine, pokhala wotsogolera wawo.

Ku sitolo wogulitsa adandionetsa mabokosi aŵiri. Masikuluwu onse adali akuda, mitu yake yofanana. Ndidachita manyazi kufunsa pamaso pa abambo amene adali pamzere, choncho ndidangoloza bokosi lotsika mtengo, la masikuluwu otalika mamilimita 25. Kalipentala wathu adali mnyamata, mwana wa mmodzi wa ife. Adawayang'ana, nandiyang'ana, nangoti, "Zikomo, mayi." Ulemu udamutseka pakamwa monga momwe manyazi adatsekera ine.

Siling'i idakongola miyezi ingapo, kenaka idayamba kutsika pakati. M'maŵa wina tidapeza bolodi imodzi ikulendeŵera, itasweka ngodya, pamwamba penipeni pa mphasa imene timagonekapo makanda. Ndidaima pakhomo miyendo ili njenjenje. Ikadatsika masana, sindidziŵa chimene ndikadawauza amayi a ana aja.

Tidaitana kalipentala wachikulire. Iye sadatikalipire. Adatola masikuluwu angapo, natikhazika pansi ngati ana a sukulu, ndipo zimene adatiphunzitsa ndizo ndikukupatsiraniko lero.

Choyamba, yang'anani mazinga, ndiye kuti mizere yozungulira sikuluwu. Mabolodi ameneŵa amakhomedwa pa timatabwa kapena pa tizitsulo topyapyala. Thabwa limafuna sikuluwu ya mazinga akuluakulu otalikirana, chifukwa amaluma m'kati mwa thabwa n'kugwira zolimba. Chitsulo chimafuna ya mazinga ang'onoang'ono oyandikana. Ine ndidagula ya chitsulo pamene denga lathu lili ndi timatabwa ta paini. Musanapite ku sitolo, suzumirani kudenga kapena kukhoma mudziŵe chimene bolodi idzatsamire.

Chachiŵiri ndi kutalika. Sikuluwu ikabowola bolodi, iyenera kuloŵa m'thabwa mamilimita ngati 25. Choncho bolodi ya mamilimita 12.5 imafuna sikuluwu ya mamilimita 38. Pa chitsulo mamilimita 10 okha ndi okwanira, ndipo m'pamene ya mamilimita 25 ili pamalo pake. Zanga zija zidaloŵa m'thabwa theka chabe la muyeso wake, tsono matabwa atauma ndi kutentha kwa malata, zina zidazuka pamodzi ndi bolodi. Koma musati pofuna kulimbitsa mugule zazitali kwambiri. Zotero zimaloŵa mokhota, zimadya ndalama pachabe, ndiponso zikhoza kukumana ndi waya wa magetsi wodutsa kuseri.

Chachitatu ndi mutu. Mutu wa sikuluwu ya jipisamu umatambasuka pang'onopang'ono ngati kukamwa kwa lipenga, kuti utsindire pepala osalidula. Apa m'pamene ndidadabwa kwambiri. Jipisamu payekha amafumbutuka, ndipo mphamvu ya bolodi ili pa pepala lija. Sikuluwu iloŵe kufikira mutu utabisala pang'ono chabe pansi pa nkhope ya bolodi. Ikaboola pepala, ndiye kuti palibe chimene yagwira. Mnyamata wathu adakanikiza makina mopitirira, ndipo masikuluwu ena tidawapeza ali chikhalire m'thabwa, bolodi itavuka ngati batani pa kabowo kothaitha. Ngati pepala labooka, isiyeni sikuluwuyo, muike ina masentimita 5 kuchokera pamenepo.

Chachinayi, kumbukirani chinyezi. Masikuluwu akuda ndi a m'zipinda zouma. Kubafa ndi kukhitchini, kumene nthunzi imakwera, funsani okutidwa ndi zinki, chifukwa akudawo amachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo limatulukira pa penti ngati madontho a tiyi pa nsalu yoyera.

Chomaliza, musaumire pa chiŵerengero. Kudenga masikuluwu atalikirane masentimita ngati 23, pafupifupi chikhatho chotambasula cha munthu wamkulu. Pakhoma masentimita 30 ndi okwanira. Asayandikire m'mphepete mwa bolodi kuposa sentimita imodzi, kuwopa kuti m'mphepetemo mungagumuke. Muyeso umenewu mayi aliyense angathe kuwuona ali chiimire pansi, osakwera makwerero.

Pa msonkhano wotsatira ndidaimirira pamaso pa anzanga n'kuvomera kuti cholakwa chidayambira kwa ine. Ndalama imene tidasungira nsalu za mayunifolomu idapita ku mabolodi aŵiri atsopano ndi masikuluwu oyenera, ndipo maphunziro adaima mwezi wathunthu. Mayi wina wachikulire adaseka nati, "Safunsa adadya phula, koma inu mwatidyetsa tonse." Tidaseka, koma mawuwo adandiloŵa mumtima. Mnyamata uja tidamuitananso kuti agwire ntchito pamodzi ndi mkulu uja, ndipo ndidamuuza kuti tsiku lina akadzaona ndagula cholakwika, anene, ngakhale ndili msinkhu wa mayi ake.

Tsono amayi anzanga, inu amene mukumanga kapena kukonza nyumba, lembani papepala zinthu zitatu musananyamuke: kuchindikala kwa bolodi, ngati idzakhomedwa pa thabwa kapena pa chitsulo, ndi chipinda chimene ikupita. Ku sitolo tsegulitsani bokosi, muigwire sikuluwu m'manja, muone mazinga, muŵerenge kutalika kolembedwa pa bokosipo. Pogula nsalu timaitambasula, timaikoka, timafunsa ngati imasuluka, ndipo palibe amene amachita nazo manyazi. Tichitenso chimodzimodzi pa zimene zidzalendeŵera pamwamba pa mitu ya ana athu.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamaŵa.