Khoswe wa pa mkhate: kalata yochokera ku Lichinga

Okondedwa abale ndi alongo kwathu ku Malawi,

Ndikulemba kuchokera kuno ku Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa, mzinda wa pamtunda kumene chisanu cha mu Juni chimaluma ngati cha ku Dedza. Kuchokera kuno kukafika pa chipata cha Mandimba ndi Chiponde ndi makilomita pafupifupi 150, choncho nkhani za kwathu sizichedwa kutipeza, ndipo za kuno sizichedwa kuoloka. Mzinda uno uli ndi ana ake a sukulu zaukachenjede: ena ali ku Universidade Rovuma, ena ku Universidade Católica, ndipo chakumpoto ku Unango a UniLúrio amaphunzira zaulimi. Poona achinyamatawa, funso limene ndikufuna tiliganizire limodzi ndi ili: mfuti ikalira m'tauni ya ophunzira, apolisi amasaka ndani, ndipo amamusaka motani? Ine ndikuti vuto lathu lalikulu, kwathuko ndi kuno komwe, ndi lakuti kusaka kumayamba kwayang'ana kaye nkhope ya wowombera ndi ya wowomberedwa. Kusaka kosankha nkhope kotere kumatseka pakamwa pa anthu wamba, pomwe pakamwa pa anthu wamba ndi pamene wapolisi wofufuza milandu amadalira kuposa galimoto ndi mfuti.

Tiyambe ndi kutali. Usiku wa pa 13 Novembala 2022, m'tauni ya Charlottesville ku America, ophunzira a University of Virginia ankachokera ku Washington kumene anakaonera sewero. Basi itangofika pasukulu, mmodzi mwa iwo anatulutsa mfuti n'kupha anzake atatu, osewera mpira m'timu ya sukuluyo, ndi kuvulaza ena awiri, kenaka n'kuthawa. Ophunzira onse anauzidwa kuti adzitsekere pomwe ali, ena m'zipinda zogona, ena m'nyumba zowerengera, ndipo anakhala chomwecho maola pafupifupi 12. Usiku womwewo dzina ndi chithunzi cha woganiziridwa zinalengezedwa, pamodzi ndi mtundu wa galimoto yake. M'mawa mwake anagwidwa wamoyo pafupi ndi mzinda wa Richmond, ndipo patapita zaka ziwiri anavomera mlandu m'khoti. Chimene ndikuona m'nkhaniyi si kuchuluka kwa zipangizo. Ndikuona zinthu zitatu zosagula ndi ndalama: apolisi anauza anthu zoona msanga, anthu anamvera chifukwa anawakhulupirira, ndipo wosakidwayo anakafika pamaso pa woweruza akupuma.

Tsopano tibwere ku Zomba, tauni yathu ya ophunzira. Kumapeto kwa Novembala 2001 woimba Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi. Mu Disembala ophunzira a Chancellor College analowa mumsewu kudandaula za imfayo ndi za kukwera mtengo kwa zinthu. Apolisi anawombera, ndipo chipolopolo chinalasa wophunzira Fanikiso Phiri, amene anamwalira m'chipatala patapita masiku ochepa. Taganizani bwino za mlandu umenewu. Wowombera sanathawire m'phiri la Zomba, sanaolokere ku Mozambique kudzera pa Nayuchi. Sipankafunika chipikisheni m'misewu kapena agalu onunkhiza. Mfuti ya boma ili ndi nambala. Wapolisi akamapita kuntchito amaitenga mosungira zida, amasaina m'kaundula, amawerengeredwa zipolopolo. Akabwerako amabweza mfuti ndi zotsala, ndipo kusiyana kwa zimene anatenga ndi zimene wabweza kumaonekera pa tsamba lomwelo. Palinso mndandanda wa amene anatumizidwa tsikulo ndi dzina la amene ankawalamula. Kusaka konse kukanathera pa tebulo limodzi, ndi mabuku awiri. Komabe lero Amalawi ambiri akudziwa dzina la Fanikiso, pomwe la amene anamuwombera silinamvekepo m'makutu mwawo. Makolo anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Amene anayenera kusaka anaopa kuswa mkhate wawo womwe.

Patapita zaka 10 tinaonanso zomwezo, ndipo ulendo uno kusankhako kunaonekera poyera. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, anaitanitsa mphunzitsi wa ku Chancellor College, a Blessings Chinsinga, kuti akafotokoze chitsanzo chimene anapereka m'kalasi chokhudza zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Mawu olankhulidwa pakati pa makoma anayi anafika kulikulu la apolisi mwa liwiro lodabwitsa, ndipo mkangano umene unabuka unaimitsa maphunziro kwa miyezi yambiri. Pa 24 Sepitembala chaka chomwecho, Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic ku Blantyre amene ankadzudzula boma, anapezeka atafa pasukulupo. Apolisi anathamangira kunena kuti wadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba. Dokotala wopima mitembo, a Charles Dzamalala, anapeza kuti mabala a m'mutu sankagwirizana ndi kugwa. Mu 2012 komiti yofufuza imene a Joyce Banda anakhazikitsa, motsogozedwa ndi Jaji Andrew Nyirenda, inatsimikiza kuti mnyamatayo anachita kuphedwa. Anthu ena anamangidwa, koma zaka zoposa 10 zinadutsa mlandu osagamulidwa. Apolisi amene anali ndi makutu omva phunziro la m'kalasi ndi omwewo amene analibe maso oona mutu woswedwa.

Wina asaganize kuti apolisi athu sadziwa kusaka. Pa 8 Okutobala 2019, ku Msundwe, gulu la anthu linapha wapolisi Usumani Imedi pomugenda ndi miyala. Inali imfa yankhanza, ndipo ochita zimenezo anayenera kusakidwa mmodzimmodzi. Mafuta anapezeka, magalimoto anapezeka, apolisi anakhamukira ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika. Koma chimene chinachitika kumeneko chinali kubwezera. Utsi wokhetsa misozi unaponyedwa m'nyumba, amuna anathawira kutchire, ndipo amayi ndi atsikana amene anatsala anagwiriridwa ndi kuchitidwa zachipongwe. Bungwe la Malawi Human Rights Commission linafufuza n'kutsimikiza nkhanzazo, ndipo mu Ogasiti 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda analamula kuti amayi ndi atsikana 18 alandire chipukuta misozi. Mukaika Zomba ndi Msundwe pamodzi, muona kuti nthenda ndi imodzi. Wophedwa akakhala wophunzira, mphamvu yosaka imasowa. Akakhala wapolisi, mphamvuyo imasefukira n'kumiza ndi osalakwa omwe. Kuwiri konseko palibe amene akufunafuna munthu weniweni amene anachita mlandu.

Kuno ku Mozambique nkhani ndi yomweyo m'chilankhulo china. Pa 7 Okutobala 2019, tsiku limodzi Msundwe isanachitike, a Anastácio Matavel, mtsogoleri wa oyang'anira chisankho m'chigawo cha Gaza, anawomberedwa mumzinda wa Xai-Xai kutatsala masiku 8 kuti anthu aponye voti. Achiwembuwo anadziwika chifukwa galimoto imene ankathawira inachita ngozi; awiri anafera pomwepo, ndipo zinaululika kuti anali apolisi a gulu lapadera. Mu Juni 2020 khoti linagamula ena mwa iwo zaka zoposa 20 m'ndende, koma amene ankatsogolera gululo anali asanagwidwe. Chilungamo chimene chimadikira kuti tayala liphulike n'chosadalirika. Pulofesa Gilles Cistac wa ku Universidade Eduardo Mondlane anawomberedwa masanasana ku Maputo pa 3 Malichi 2015, ndipo galimoto ya amene anamupha sinachite ngozi. Pafupi ndi ife, pa Mandimba, aliyense wodutsa pachipata amawadziwa anyamata osintha ndalama, mpukutu wa makwacha dzanja ili, wa metikali dzanja linali, akuwerenga ndi chala chonyowetsa pamene njinga zamoto zikuzemba m'tinjira ta m'minda ya chimanga kulowera ku Chiponde. Mu Okutobala 2017, mmodzi mwa osintha ndalama ataphedwa ndi achiwembu, anthu a pa Mandimba anaguba mokwiya akuloza chala apolisi kuti akugwirizana ndi zigawenga. Apolisi anawombera, anthu anayi anafa. M'dera ngati limenelo, kumene malire ndi mzera wa m'munda, wothawa sagwidwa ndi chipata. Amagwidwa ndi mayi wogulitsa mbatata amene wamuona, ndi wakabaza amene wamunyamula, ndi nyakwawa imene yamva kuti kwafika mlendo usiku. Anthu amenewa akaona kuti kupolisi n'kumene kukuchokera zipolopolo, amatseka pakamwa, ndipo wakuba akagwidwa amamuveka tayala okha.

Ndikudziwa zimene ena anganene, ndipo zina mwa izo n'zoona. Choyamba, adzati apolisi athu ndi osauka: polisi ina ilibe galimoto, ina ili nayo koma mafuta palibe, ndipo wodandaula amauzidwa kuti apeze yekha mayendedwe. Nyumba zawo n'zothina, malipiro ndi ochepa, zida zopimira zipolopolo ndi magazi n'zosowa. Sindikutsutsa, ndipo boma lililonse limene limasiya wapolisi ali chomwechi likulakwira ife tonse. Koma umphawi ungafotokoze chifukwa chimene wakuba mbuzi ku Namwera sanagwidwe. Sungafotokoze chifukwa chimene kaundula wa mfuti ku Zomba sanatiuze dzina. Kutsegula buku sikufuna dizilo. Ndipo dizilo amene anasowa kwina anapezeka tsiku lopita ku Msundwe.

Chachiwiri, adzati apolisi nawonso ndi anthu, amafa pantchito, ndipo kuwasaka ngati zigawenga kudzawafooketsa. Ndimawamvera chisoni apolisi, makamaka achinyamata amene amaikidwa kutsogolo kwa gulu lokwiya atapatsidwa mfuti ya zipolopolo zenizeni m'malo mwa chishango. Koma tifunse: chimene chimaika wapolisi wosalakwa pa ngozi n'chiyani? Ndi yunifomu imene anthu asiya kuisiyanitsa. Wowombera mmodzi akabisidwa pakati pa anzake, mlandu wake umagwera onse ovala ngati iye, ndipo mwala woponyedwa mwaukali sufunsa kuti ndani anali ku Zomba kapena ku Mzuzu pa 20 Julayi 2011, pa zionetsero zimene zinaphetsa anthu 20. Kutulutsa wolakwa ndi kuteteza otsalawo. Wapolisi wachilungamo ndiye woyamba kupindula mnzake wakupha akaimirira m'khoti.

Chachitatu, adzati America si dziko lotengerako chitsanzo, popeza mfuti kumeneko zili mbwee ndipo ana amaphedwa m'makalasi kawirikawiri. Apa ndikuvomereza ndi mtima wonse, ndipo tiyamike kuti wophunzira wa ku Zomba kapena wa kuno ku Lichinga sangagule mfuti m'sitolo. Kusaka kwawonso kuli ndi zilema. Mu Epulo 2013, mabomba ataphulika pa mpikisano wothamanga ku Boston, anthu pa intaneti analoza wophunzira wina wa Brown University amene anali atasowa, n'kumutcha chigawenga. Banja lake linazunzika, pomwe mnyamatayo analibe mlandu ndipo anali atamwalira kale. Phunziro la pamenepo likutikhudza, ife amene chithunzi cha munthu chimazungulira pa WhatsApp dziko lonse dzuwa lisanalowe. Liwiro lokha si chilungamo. Ife tomwe, tikamakuwa kuti apolisi agwire munthu lero lomwe, timawakankhira kukatola aliyense wopezeka pafupi. Ndi chifukwa chake malamulo aakulu a dziko lathu, m'gawo 42, amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48: kusaka kuyenera kuthera kwa woweruza. Mu Febuluwale 2019, dziko litakwiya ndi kubedwa kwa mnyamata wachialubino ku Dedza, woganiziridwa Buleya Lule anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ndipo a Dzamalala anapeza kuti anawotchedwa ndi magetsi. Zonse zimene akanaulula m'khoti zinakwiriridwa naye.

Otsiriza ndi amene amati zakale zisiyeni, 2001 ndi kale, amene anali ophunzira nthawi imeneyo pano ali ndi imvi. Koma kwathu timati mlandu suwola, ndipo nkhani ya Lule yomweyo yasonyeza kuti mkhate ungathe kusunthidwa osasweka. Apolisi 13 anamangidwa mu 2020, ndipo mu Disembala 2024 khoti lalikulu linapeza 6 mwa iwo olakwa pa mlandu wakupha. Polisi sinagwe chifukwa cha chigamulo chimenecho. M'mawa mwake apolisi anapita kuntchito monga mwa masiku onse. Chimene chinathandiza n'chakuti dokotala, bungwe la ufulu wa anthu ndi khoti anali kunja kwa polisi. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa Independent Complaints Commission, ofesi yoima payokha yofufuza imfa ndi nkhanza zochitika m'manja mwa apolisi, koma panatha zaka 10 isanapatsidwe mkulu wake woyamba, a Christopher Tukula. Ofesi imeneyi ikufunika ofufuza okwanira, ndalama zake zosachita kupempha, ndi mphamvu yolanda kaundula wa mfuti tsiku lomwelo chipolopolo chalira, tsamba lisanang'ambidwe. Aphungu athu ndi amene amagawa ndalamazo, ndipo inu muli kumudziko ndi amene mumakumana nawo pa maliro ndi pa misonkhano. Afunseni za ofesiyi. Afunseninso za fayilo ya Chasowa ndi ya Fanikiso: ili m'kabati ya ndani, ndipo inatsegulidwa komaliza liti. Ambiri mwa amene anali mumsewu wa ku Zomba tsiku lija, ophunzira ndi apolisi omwe, akadali moyo ndipo akhoza kuitanidwa kudzapereka umboni.

Ndine m'bale wanu,
ku Lichinga, Niassa.